Mkono wa Mwini Mbumba

Kalekale, mudzi wathu uno usanasamukire kumsewu kuno, tikadali kutsidya kwa Bua, munali mayi wina dzina lake Nangondo. Manja asaime, pitirizani kuswa mtedzawo, nkhani timamva ndi makutu. Nangondo ameneyu ndiye tsinde la ife tonse takhala pakhonde pano. Ine nkhani yake ndinaimva kwa amalume anga, iwonso anaimva kwa amalume awo, ndipo onse ankayamba ndi nkhope yake. Akuti inali maenje okhaokha ngati chisa cha njuchi, diso limodzi loyera, losaona. Inali nthomba imeneyo, inamugwira ali mtsikana nkumusiya wamoyo.

Ukuti chiyani, Esinati? Nthomba n'chiyani? Taonani anthuni, mayi wamkulu, mwana ali kumsana, akundifunsa kuti nthomba n'chiyani. Ayi, usaweramitse mutu mdzukulu wanga, sindikukuseka. Funso lakolo ulisunge bwino, tibwererako.

Nthomba si katsabola wanuyu woti mwana amakanda sabata imodzi nkubwerera kusukulu. Inkayamba ndi kutentha thupi ndi msana, kenako matuza. Matuza kumaso, matuza m'manja, matuza kumapazi, mpaka m'kamwa, munthu osatha kumeza ndi madzi omwe. Ikalowa m'mudzi, nyumba iliyonse inkapereka munthu, ina awiri, ina nkutsekedwa chitseko osatsegulidwanso. Wodwala ankamumangira msasa kuthengo, kutali ndi anthu. Nanga phala ankamupititsira ndani? Okhawo amene nthomba inawagwirapo kale, chifukwa makolo anaona chinthu chimodzi: nthomba sibwereza munthu. Ndiye ntchito imeneyo inali ya Nangondo. Ankasenza phala ndi madzi kupita kumisasa, kutembenuza odwala, kuwaingitsira ntchentche, ndipo akamwalira, iye ndiye ankabwera kudzanena.

Tsono mverani apa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Nangondo anabereka ana anayi, atatu nthomba inatenga chaka chimodzi. Anatsala ndi kamtsikana kamodzi, anakatcha Mwatitha. Mlongo wake wa Nangondo, mwini mbumba, anali Mkanthama, munthu wamtali wosakonda kuyankhula. Mkanthama analibe mlongo wina, ndipo mlongo mmodziyo analibe mwana wina wamkazi. Mukudziwa nonse kuti ife mtundu umayenda ndi mwana wamkazi. Mwatitha akanafa, mbumba yonse ikanathera pomwepo, ngati nkhokwe yotsala ndi chitsononkho chimodzi cha mbewu.

Mwamuna wa Nangondo anali Kanyenda, mkamwini wochokera kummwera. Ali mnyamata ankasenza minyanga ya njovu ya amalonda kupita nayo ku Chiwambo, kunyanja yamchere. Pamkono pake panali chipsera chozungulira, ndipo anthu ankangoti ndi mphini ya mankhwala a njoka. Palibe anamufunsapo. Mkamwini amamufunsa ndani?

Chaka china, anthu akukolola mapira, kunamveka kuti nthomba yabweranso, ili m'midzi ya kumunsi kwa mtsinje ndipo ikukwera. Nangondo ndi mwamuna wake ali kumunda, Kanyenda anaika dengu pansi nati, "Amayi a Mwatitha, chipsera ichi si cha njoka."

Anamufotokozera kuti paulendo wina nthomba inagwa pakati pa osenza katundu. Mkulu wa ulendowo anasankha wodwala amene matuza ake anali ochepa, natapa timafinya ndi munga, nkuwatema pamkono onse amene anali asanadwale, nkupaka. Onse anadwala, koma pang'ono. Atachira anadutsa m'midzi yonunkha nthomba, osagwidwa.

Nangondo anafunsa, "Onse anachira?"

Kanyenda anati, "Ayi. Mmodzi tinamusiya panjira."

"Nanga osatemedwa?"

"Amenewo tinasiya ambiri."

Nangondo anapitiriza kudula mapira, koma mutu unali kumisasa. Iye anali ataona ndi diso lake limodzilo kuti nthomba si imodzi, ina imabwera yolusa, ina yofatsa, ndipo wochira ku yofatsa amakhala wotetezeka chimodzimodzi ndi wochira ku yolusa. Ndiye ngati ibwera ndithu, osaiitana yofatsayo bwanji, ilowere pakhomo laling'ono limene wasankha wekha? Anapita kwa mlongo wake tsiku lomwelo.

Mkanthama anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Mlongo wanga, ukufuna utenge moto uike padenga kuti nyumba isapse?"

Nangondo anati, "Alongo, inu nomwe mumatentha udzu kuzungulira nkhokwe kuti moto wa lupsa usafike."

"Udzu ndi udzu. Uyu ndi mwana."

Kanyenda anafuna kuikapo mawu, koma Mkanthama anangomuyang'ana. "Alamu, inu munabwera kudzalima. Za ana a mbumba yanga musiyire ine."

Musamuone ngati munthu woipa Mkanthama. Inu mukanatani? Mwana mmodzi yekhayo, wathanzi, akuthamanga pabwalo, wina nkubwera ndi mafinya a nthomba kuti amupake. Mukanavomera? Ine amene ndikunena nkhaniyi sindikudziwa ngati ndikanavomera.

Koma Nangondo anali wamakani, makani amene ena mwa inu munatengera, sinditchula maina. M'mawa uliwonse ankakhala pakhomo pa mlongo wake, osapempha kanthu, kungokhala. Akazi a m'mudzi popita kumadzi ankamunena. Tsiku lina mmodzi anamufunsa kuti, "Kodi iwe, nthomba inayamba kalekale, makolo onse anailephera, ukuyesa ungaithe ndi munga?" Nangondo anati, "Ine sindingaithe. Koma ikhoza kutsekeredwa pamkono umodzi, ikhoza kutsekeredwa pamudzi. Ikatsekeredwa pamudzi uno, ndi winawo, ndi winawo, idzagona kuti? Tsiku lidzafika loti munthu wamkulu adzafunsa kuti nthomba n'chiyani." Akazi aja anaseka mpaka kutula mitsuko. Anati nthomba inamudya diso, tsopano yamudya ndi mutu womwe.

Mwezi usanathe nthomba inalowa m'mudzi. Misasa inayamba kumangidwa, Nangondo nkuyambanso kusenza phala. Pakati pa odwala panali mayi wina amene matuza ake anali owerengeka, akudya bwinobwino. Nangondo anatapa timafinya ndi munga wa mthethe, nkukulunga m'tsamba, nkubwera nawo kumudzi. Anaitanira Mwatitha kuseri kwa nkhokwe. Lumo lili m'manja, kamkono ka mwana katatambasuka, Mkanthama anatulukira.

Anamukoka mwanayo nkumuika kumbuyo kwake. Akuti Mkanthama ankanjenjemera thupi lonse, munthu amene sankaopa ndi njati yomwe. Anati, "Ukadamutema, ukadakhala kuti ulibenso mlongo."

Nangondo anati, "Ndipo ndikapanda kumutema, inu mudzakhala mulibenso mbumba. Alongo, ana atatu ndinawanyamula ndekha kuchokera kumsasa. Inu munaima patali, si kulakwa kwanu, mwambo unatero. Koma amene ndinawatseka maso ndine. Wachinayi sindimutseka maso."

Mkanthama anakhala pansi pomwepo, padothi. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chibadwire: anatuma kuti akaitane mkamwini, nayamba kumufunsa. Amatema mozama bwanji? Amatapa kwa wodwala wotani? Kutentha thupi kumayamba liti? Wotemedwa angapatsire ena? Kanyenda anayankha zimene ankadziwa, ndipo zimene sankadziwa anati sindikudziwa. Ananenanso kuti wotemedwa ayenera kukhala kwayekha mpaka nkhanambo zitagwa, apo ayi afalitsa nthomba yeniyeni. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameneka kanakhala m'mudzi zaka zonsezo, kakulima mapira.

Atatha mafunso, Mkanthama anatambasula mkono wake. Anati, "Mtsinje wachilendo sayamba kuponda mwana. Nthomba sinandigwirepo ine. Tema pano. Ndikadzuka, udzamuteme Mwatitha. Ndikapanda kudzuka, lumo limenelo ukaliponye m'madzi."

Nangondo anati, "Alongo, tikamadikira inu, nthomba sidikira."

"Ndikudziwa. Mwana apite ndi bambo ake kukhumbi la kumunda, asaonane ndi munthu. Tema."

Nangondo anamutema mlongo wake, nkumumangira msasa wakewake. Kanyenda anatenga Mwatitha kupita naye kumunda.

Tsono zinthu sizinayende monga mwa nkhani ya Kanyenda. Mkanthama sanadwale pang'ono, anadwala kwambiri. Mkono unatupa, thupi linatentha, munthu nkuyamba kubwebweta, kuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. M'mudzi anthu anayamba kunong'onezana kuti Nangondo wapha mlongo wake ndi manja ake, ena nkumati amwe mwabvi tione ngati si mfiti. Nthomba nayo inali ikuyenda nyumba ndi nyumba, mpaka inagwira banja lolima moyandikana ndi khumbi limene munali Mwatitha. Nangondo ankachoka kumsasa wa mlongo wake nkukaima patali ndi munda, osayandikira chifukwa cha nsalu zake za kumisasa, kungofuna kuona ngati mwana akuyendabe. Anali ndi mantha. Ndikunena mosabisa, mayi wamakani uja anali ndi mantha oti wapha mlongo wake, ndipo mwana amutaya ndithu.

M'mawa wina atafika ndi phala, anapeza Mkanthama atakhala tsonga, atatsamira mzati wa msasa. Thupi linali litazizira. Matuza analipo, koma ochepa, ambiri pamkono pomwepo. Mkanthama anati, "Phala limeneli mwathira madzi ambiri." Nangondo anangokhala pansi nkuyamba kulira.

Atamwa phala lija, Mkanthama anati, "Usapitenso kukatapa kwa anthu ena. Iyi ndaiona ndekha, ndalimbana nayo, ndikuidziwa. Tapa pa ine."

Ndiye Mwatitha anatemedwa ndi nthomba yochokera pamkono wa malume ake. Anamugoneka mumsasa womwewo, malume uku, muphwa uku, mayi pakati. Kutentha thupi kutayamba, Mkanthama ndi amene ankamunyowetsa pamphumi. Mwanayo anadwala, analira, anakana kudya. Kenako timatuza tinatuluka pamkono ndi tiwiri titatu pamphumi, tinauma, nkhanambo nkugwa. Mwatitha anatuluka mumsasa akufunsa ngati mapira ake okazinga anamusungira.

Anthu aja oti mwabvi, mwabvi, ataona mwini mbumba akuyenda pabwalo ndi muphwa wake pamene misasa ina ikutulutsa mitembo, anayamba kubwera. Ankabwera mmodzimmodzi, ana ali kumanja, maso ali pansi. Nangondo sanakumbutse munthu za kuseka kuja. Iye ankauza aliyense zoona: adwala, ndipo mwina sadzuka. Mkanthama anaika lamulo loti pabanja lililonse ayambe wamkulu amene nthomba sinamugwirepo.

Pano ndi pamene ena ponena nkhaniyi amadumpha, koma ine sindidumpha. Si onse anadzuka. Panali mayi wina woyandikana nyumba ndi Nangondo, Nankhoma, amene anabweretsa kamnyamata kake kathanzi. Anakatema, ndipo kanamwalira. Nankhoma anaima pakhomo pa Nangondo nati, "Mwana wanga ndinabwera naye akuyenda yekha." Nangondo sananene kuti ndinakuchenjezani. Sananene kuti taonani enawa apulumuka. Mawu otere kwa mayi woferedwa ndi mchere pachilonda. Anangogwada. Kuyambira chaka chimenecho, mvula yoyamba ikagwa, ankayamba kulima munda wa Nankhoma asanalime wake, mpaka ukalamba. Nankhoma sanamuyankhulenso mpaka kufa.

Mwatitha atakula anafunsa amayi ake ngati ankanong'oneza bondo. Nangondo anati, "Za iwe ayi. Za mwana wa Nankhoma, tsiku lililonse. Lumo langa linali lobuntha, mwanangu, ndi lomwe ndinali nalo. Adzabwera ena ndi lakuthwa, loteteza popanda kupha. Akadzabwera musadzawathamangitse, komanso musadzawapatse ana musanawafunse mafunso."

Mwatitha ameneyo ndiye agogo awo a mayi anga. Iwe Esinati, iwe Yobe uli pafoni apo ngati sukumva, nonsenu, munatuluka mumsasa umene uja.

Tsono taonani apa, ndipinde malaya. Mwachiona chipsera ichi? Ndili mwana kusukulu kunabwera anthu a zaumoyo ndi kasingano ka mano awiri. Ana ambiri anathawira m'chimanga. Amalume anga anafika pasukulupo ndi khasu paphewa, anawafunsa anthu aja mafunso mpaka kuwatopetsa, kenako anati yambani ine. Atatemedwa iwo ndi pamene anandikankhira kutsogolo. Katemera ameneyo sanali nthomba yeniyeni ngati ya Nangondo, anali lumo lakuthwa lija. Choncho wina asachoke pano nkumakatapa mafinya a munthu ndi munga, ndimumenya ndi ndodo iyi. Zimene zija zinali za nthawi yopanda chipatala. Anthu a kasingano aja anayenda mudzi uno, ndi winawo, ndi winawo, maiko onse a pansi pano, mpaka nthomba inasowa pogona.

Esinati, bweretsa funso lako lija tsopano. Unati chiyani? Nthomba n'chiyani. Akazi aja anatula mitsuko ndi kuseka, koma lero munthu wamkulu, wobereka, wa magazi a Nangondo yemweyo, wafunsa pakhonde panga. Pamene unafunsa paja ndinalakalaka mayi uja akanakhala pamphasa apa, amve ndi makutu ake. Iye ankalimira anthu amene sadzawaona nkhope, ndipo anthuwo ndi inu.

Ndikudziwa chimene chakuvuta sabata yonseyi. Lachinayi kuchipatala chathu chaching'ono kukubwera katemera wa malungo wa ana, ndipo akuti mankhwala ena masiku ano amabwera pa kandege kopanda woyendetsa. Anzako akukutumizira mauthenga pafoni, wina akuti ana sadzabereka, wina akuti ndege yopanda munthu ndi ya ufiti. Mantha ako sindikuwanyoza. Mkanthama naye ananjenjemera, ndipo anali ndi chifukwa. Koma kunjenjemera kwake kunathera m'mafunso. Safunsa anadya phula.

Ine dzana ndinapalasa njinga kupita kwa alangizi a zaumoyo. Ndinawafunsa za Mkanthama zomwe zija. Anayamba kulandira ndani? Kwapita nthawi yaitali bwanji? Mwana akatentha thupi titani? Anandiyankha bwino, ndipo sananame kuti katemerayu amathetsa malungo onse. Anati amachepetsa, neti musataye, ndipo mwana abwere maulendo onse amene auzidwa. Munthu wonena malire a mankhwala ake ndimamukhulupirira, ngati Kanyenda uja anati mmodzi tinamusiya panjira.

Nthawi zina ndikakhala pano ndimaganiza za adzukulu a mwana ali kumsana kwakoyo. Adzaona zotani? Ine ndinabadwa uthenga ukuyenda ndi miyendo, lero Yobe akuyankhula ndi mlongo wake ali ku Joni akumuona nkhope. Madzi akukwera okha m'thanki ndi mphamvu ya dzuwa. Iwowo mwina adzalima ndi makina amene ife sitingawalote, mwina ena adzakagona kumwezi, kaya, zimenezo ndi zawo. Zina mwa zatsopanozo zidzakhala zobuntha, zidzavulaza anthu, ndipo padzafunika wina wogwada ngati Nangondo, osati wothawa. Koma chimene ine ndimapempha ndi chaching'ono. Tsiku lina pakhonde ngati lino, mayi wina wa magazi athu adzafunse kuti malungo n'chiyani, nkhalamba ina nkusowa poyambira kufotokoza.

N'chifukwa chake pa mbumba ya Nangondo chinthu chachilendo sitichithawa, ndiponso sitichiponyera ana. Wamkulu amafunsa, wamkulu amatsogola. Ndinawauza alangizi aja kuti yambani ine, anandiseka, akuti agogo, katemerayu ndi wa makanda okhaokha. Chabwino. Mkono wanga aukana, koma miyendo ndikadali nayo. Lachinayi umusambitse m'mawa mwanayo, Esinati. Pamzere ndikaima patsogolo ndine, ndipo pobaya adzakhala ali pamiyendo panga.